Za mahomoni a mayi anga zija, tapita kuchipatala

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati mayi anga angayambe mankhwala a mahomoni, aja amati HRT, poti chisiyireni kusamba zaka 3 zapitazo thupi limangowatentha, usiku thukuta kamukamu mpaka kusintha zofunda, chonsecho kuno ku Zomba June amazizira bwanji. Ndiye Lachiwiri tinanyamuka ku Chinamwali kukaonana ndi adokotala.

Mantha anga anali khansa ya m'mawere. Adokotala anati chiopsezocho chilipodi, chimakwera pang'ono ukamamwa mahomoni awiri, estrogen ndi progestogen, limodzi zaka zambiri, komanso mapilisi amatha kuundanitsa magazi m'mitsempha ngakhale kubweretsa sitiroko. Koma pa kafukufuku wa HRT wa ku America wa 2002 amene anaopseza anthu, azimayi ambiri mmenemo anali opitirira zaka 60. Mayi ali ndi 53, ndipo akuti munthu akayamba asanafike 60, pasanathe zaka 10 chisiyireni kusamba, nthawi zambiri phindu limaposa chiopsezo, mafupanso amalimba.

Chomwe sindimadziwa olo pang'ono, poti chiberekero ali nacho sangamwe estrogen yekha, angadwale khansa ya chiberekero, progestogen ndi amene amateteza. Ndinachita mantha chifukwa anzawo ena amafuna kungowagawira mapilisi awo, chonde musamatero.

Sanayambe kaye. BP inapezeka yokwera, ndiye ayambe aitsitsa, awayezenso mawere. Akuti mahomoni omata pakhungu saundanitsa magazi ngati mapilisi, ndiye ndikufunsafunsa m'mafamase. Tibwereranso pakatha masabata 4.