Zotsatira za funso langa la nyimbo za EDM

Masiku apitawo ndinafunsa kuti ndiyambire pati pomuzoloweretsa mnzanga nyimbo zovina zopangidwa pakompyuta, zotchedwa EDM, popeza iye amakonda nyimbo zokhala ndi woimba. Ambiri munandilangiza kuti ndiyambe ndi house, mtundu umene unayambira ku Chicago m'zaka za m'ma 1980, ndipo malangizowo athandiza. Kugunda kwake, pafupifupi ka 125 pa mphindi, sikunamutopetse, ndipo mawu a woimba anamupatsa pogwira. Techno ya ku Detroit anaikana poyamba, akuti imangobwereza chinthu chimodzimodzi, mpaka nditamuuza kuti atchere khutu pamene ng'oma yazimiririka kenako n'kubwerera mwamphamvu. Drum and bass, imene kugunda kwake kumapitirira 160 pa mphindi, ndayamba ndaisunga, chifukwa ndikuona kuti ingamuthawitse. Panopa akundipempha trance, mtundu winanso wa EDM.