Zithunzi zanga n'zokongola koma sizikamba nkhani, ndithandizeni

Abale anga m'gulu muno, ndabwera ndi funso.

Chaka chatha ndidakwera sitima ya Ilala kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Likoma, ndipo paulendo umenewo kujambula kudandigwira mtima. Ndili ndi foni basi. Ndidajambula tchalitchi cha St Peter, milambe, dzuwa likutulukira kumapiri a ku Mozambique. Anzanga adayamikira, koma zimenezo aliyense angajambule. Chomwe chidandikhudza ine ndi mayi wina pa Nkhotakota, akutsika m'boti madzi ali m'chiuno, mwana kumsana, thumba pamutu. Foni ndidalephera kuitukula.

Mwezi watha ku Senga Bay ndidalimba mtima. Mayi woyanika usipa pathandala adandikalipira: "Mukufuna mukandigulitse?" Ndidafufuta pomwepo, koma mpaka lero mtima sunakhale m'malo. Adanena zoona, sindidapemphe. Komanso ndikapempha, munthu amaima chilili ngati akujambulitsa chiphaso. Inu mumatani? Kapena ndigule kamera yokoka patali?

Yankho: Achimwene, yokoka patali ikuphunzitsani kuba. Fikani kaye, perekani moni, gulani usipa, funsani za nyanja mmene yagonera. Foni ikhale m'thumba. Mukatero pemphani, ndipo akaima chilili jambulani chimodzi muwaonetse. Akaseka n'kubwerera kuntchito, chithunzi chanu ndi chimenecho.

Yankho: Musamangofuna nkhope. Manja osankha usipa, khoka likukokedwa, nyali za asodzi usiku, bwato lobwera m'bandakucha. Zinayi zokhazo zakamba kale tsiku lathunthu. Ndipo dzukani m'mawa, dzuwa la masana kunyanja limachita mithunzi m'maso mwa anthu.

Yankho: Ine ndimatsukitsa zithunzi n'kuwabweretsera. Ulendo wachiwiri amachita kundiitana okha. Muwauzenso ngati mukaika pa Facebook. Ana musajambule makolo asanavomere. Mukadzakumana ndi gule wamkulu, yambani mwapempha kwa amfumu kapena akuluakulu a gulewo, musadzangotulutsa foni.

Mwini funso: Zikomo nonse, za kamera ndasiya kaye. Loweruka ndibwerera ku Senga Bay. Mayi aja ndikawapeza, ndiyambe ndi kupepesa, kapena ndikungodzutsa nkhani yogona?

Yankho: Pepesani, bambo. Akukumbukani ndithu.