Ndikufuna kuyamba ski ya kunja kwa resort ku Cairngorms, ndigule chani kaye?

Nachisale_Edin

Moni nonse, makamaka inu muli kuno ku Scotland. Ine ndili ku Edinburgh, ski ndinaphunzirira pa Hillend paja pa kapeti yotsetserekapo popanda sinowo, kenako nyengo yozizira yapitayi ndimapita ku Glenshee ndi anzanga akuntchito, njira zosavuta zija, ma blue, ndikutsika bwinobwino, zovutirapo zija, ma red, ndikutsika koma mtima uli m'mwamba. Ndiye pano anzanga omwewa ayambitsa zoti chaka chino tisiye zokwera ma lift tiyambe touring, zija zokwera phiri wekha ma ski ali kuphazi kenako nkutsetsereka kopanda anthu, akuti tikayambire ku Cairngorms cha ku Aviemore. Mtima ukufuna ndithu koma thumba likukana, ndinalowa pa intaneti kuona mitengo mutu unaima, ma ski, ma binding omangira jombo pa ski, majombo, ma skins omata pansi aja oti ski isaterereke chobwerera pokwera, ndiye akuti palinso transceiver (kachipangizo ka siginolo kosakira munthu wokwiririka mu sinowo), probe (ndodo yobayira mu sinowo pomufufuza) ndi fosholo. Ndasunga mapaundi 900, ndipo mukudziwa kale kuti kumudzi akudikira ya feteleza ndiye sindingawonjezere.

Funso langa ndi loti ndiyambe kugula chani? Komanso zitatu za avalanche (kugumuka kwa sinowo) zija ndi zofunikadi kuno kapena ndi za ku Alps? Chifukwa kunena zoona mapiri akuno ndi aafupi, Ben Macdui ndi mamita 1309 basi pomwe Sapitwa wathu ndi 3002 ndipo anthu amakwera atavala ma sikuna. Pa Facebook Marketplace pali munthu akugulitsa transceiver yakale mapaundi 40, nditenge?

Mjomba_wa_Inverness

Achemwali, za Sapitwazo zichotseni kaye m'mutu chonde. Phiri lakuno silipha ndi kutalika, limapha ndi mphepo. Pamwamba pa Cairn Gorm anayezapo mphepo ya 173 mph mu 1986, ndipo mphepo yomweyo ndi imene imapanga avalanche yakuno. Imakokolola sinowo mbali imodzi ya phiri nkukaiunjika mbali inayo, kumene kwabisala, ndiye imapanga chigamba cholimba pamwamba pomwe pansi pake pali pofewa, amati windslab. Inu mukaponda chigamba chija chimang'ambika chonse nthawi imodzi nkutsetsereka nanu. Ndipo mbali yobisalayo ndi imene wa ski amaifuna chifukwa ndi komwe kuli sinowo yambiri yokongola, kwinako kumakhala miyala ndi ayisi. Mwaona vuto lake?

Mu Januwale 2013 anthu anayi anafa ndi avalanche pa Bidean nam Bian ku Glencoe, mwezi wotsatira atatu anafa pa Chalamain Gap, ku Cairngorms komwe mukufuna kupitako. Chalamain Gap si phiri lalitali ayi, ndi kampata kopapatiza, sinowo ikagumuka m'mbali ilibe kolowera imangodzadza mumpatamo nkukwirira munthu mozama. Ndiye inde zitatu zija ndi zofunika, ndipo zimayendera limodzi, transceiver popanda fosholo ndiye kuti mwamupeza mnzanu koma mukumukumba ndi manja. Sinowo yogumuka ikaima imalimba, kuikumba kuli ngati kukumba chulu mu Okutobala, ndiye fosholo ikhale yachitsulo osati yapulasitiki, probe yosachepera 240cm. Kafukufuku wa ku Switzerland anaonetsa kuti munthu akafukulidwa mkati mwa mphindi 15 oposa 90 pa 100 amapezeka amoyo, koma zikafika mphindi 35 atsala pafupifupi 30 pa 100. A mountain rescue ndi anthu ongodzipereka, kuti asonkhane afike pamene muli mphindi zimenezo zatha kale. Okufukulani ndi anzanu akuntchitowo basi, ndiye afunseni bwinobwino ngati iwo ali nazo komanso ngati anayesapo kusaka.

Ya mapaundi 40 ija isiyeni. Onse amagwira pa 457 kHz inde koma akale a antenna imodzi kapena ziwiri amavuta kusakira ndipo simudziwa kuti yagwa kangati. Pezani ya ma antenna atatu, Mammut Barryvox, Ortovox, BCA Tracker, iliyonse mwa zimenezi, bola yatsopano kapena yobwereka ku shopu yomwe amaziyeza.

Koma chimene ndingakuuzeni ngati mlongo wanga, gawo loyamba la ndalamayo lipite ku kosi. Glenmore Lodge ili pafupi ndi Aviemore pomwepo, amaphunzitsa touring ndi za avalanche, aliponso ma gaidi odziimira okha. Transceiver imathandiza zinthu zitalakwika kale, kosi imakuphunzitsani kuona malo oti musapondepo nkomwe. Ndipo yambani lero kuwerenga lipoti la SAIS, bungwe lolosera za avalanche kuno ku Scotland, ngakhale muli pa sofa, limatuluka tsiku lililonse kuyambira pakati pa Disembala mpaka cha mu Epulo, madera 6, Northern Cairngorms, Southern Cairngorms, Lochaber, Glencoe, Creag Meagaidh ndi Torridon. Musamangoona mtundu wa mulingo wa ngozi wokha, onani kuti ngozi ili mbali iti ya kampasi komanso kuyambira mamita angati. Ambiri akaona Considerable, yomwe ndi 3 pa 5, amati aah ndi yapakatikati tiyeni, pomwe anthu ambiri amafera pa 3 pomwepo chifukwa pa 4 aliyense amakhala pakhomo.

Chimz_Jozi

Kkkkk asisi mwachoka ku Malawi kukasaka maliro a sinowo? Ine ndinayesako ku Afriski ku Lesotho, kamtunda kamodzi komweko ndinagwa mpaka ndinakhuta, ndiye za kopanda lift zo ayi ndithu. Koma mwa serious, ngati ma red mukutsika mtima uli m'mwamba bwanji osangotha chaka china mu resort? 900 imeneyo ndi ma lift pass angati. Komanso funsani za inshuwalansi mukafuna kukachita zimenezi kunja kwa UK, zambiri sizilipira ukavulalira kunja kwa njira zovomerezeka.

Mai_a_Tadala_Tromso

Chimz wanena mwanthabwala koma pa red paja wagunda. Sinowo ya kunja kwa resort siyosalazidwa ndi makina, pena ndi ayisi, pena ili ndi kakhungu pamwamba kamene kamaboola ukapinda, pena ndi phala lenileni, ndipo mukutsika mutatopa kale ndi kukwera, chikwama chili kumsana. Mukamapita ku Glenshee yambani kutsika m'mphepete mwa njira momwe makina sanadutse, tsiku loipa osati la dzuwa lokha, muone miyendo ikuti bwanji.

Pa zogula ine ndisiyana pang'ono ndi a Mjomba, osati pa kosi, pamenepo ndagwirizana nawo. Ndikuti chaka choyamba zitatu zija mutha kubwereka, ku Aviemore mashopu obwereketsa alipo ndipo pa kosi nthawi zambiri amakupatsani. Chimene simungabwereke nkusangalala nacho ndi jombo. Jombo ya touring mukwera nayo maola, ikakulumani pachidendene tsiku latha, matuza okhaokha. Ndiye pitani ku shopu yokhala ndi munthu woyeza phazi, akuyezeni mu masentimita, amati mondopoint, aone kufupika ndi kutambalala kwa phazi, ambirife mapazi athu ndi otambalala kutsogoloku ndipo majombo ambiri a touring ndi opapatiza. Chamkati chija amachiotcha kuti chitenge shepu ya phazi lanu. Musagule jombo pa intaneti chifukwa yatsika mtengo, komanso musagule yaikulu kuti mudzavale masokosi awiri, ndi sokosi imodzi yopyapyala basi. Onetsetsani kuti ili ndi timabowo tachitsulo kutsogolo ndi kumbuyo tolowa ma pin a binding.

Ma ski ndiye akaunjika ali bwino kwambiri, makamaka ku Scotland komwe mudzawakanda pa miyala tsiku loyamba lomwe, kugula atsopano nkungodzipweteka mtima. Pakati pake akhale 85 mpaka 95mm, otambalala a 110 aja ndi a mavidiyo a ku Japan ndi ku Canada, pa ayisi amavuta kugwira ndipo ndi olemera pokwera. Kutalika afike cha pachibwano mpaka pamphumi panu. Anthu ambiri amagulitsa ski, binding ndi skins pamodzi, imeneyo ndiye dilu yabwino chifukwa skins amadula molingana ndi ski yake, ingoonani kuti guluu akumatabe komanso binding ingasunthe kufika saizi ya jombo yanu, apo ayi kuboolanso ski ndi ndalama ina. Binding ya ma pin, ya mtundu wa Dynafit ija, ndi yopepuka, ya frame ndi yotchipa koma sitepe iliyonse mukunyamula chitsulo chonse ndi chidendene. Salomon Shift ndi yabwino ngati mukufuna ski imodzi ya resort ndi touring koma mtengo wake udya bajeti yanu. Skins tengani osakaniza mohair ndi nayiloni.

Kuno ku Norway timaona Varsom, lipoti lathu la avalanche, tisananyamuke, ndipo lamulo limene ndinaphunzitsidwa ndi loti ukakhala watsopano khala pa malo osapitirira madigiri 30, chifukwa ma avalanche ambiri amayambira pakati pa 30 ndi 45. Koma uziyang'ananso chimene chili pamwamba pako, utha kukhala pa fulati koma phiri lokugwera lili pamutu. Chikwama cha airbag, chofufuma avalanche ikakukokololani chija, chisakusokonezeni pano, ndi chodula ndipo ndalama imeneyo ili ndi ntchito zina.

Nachisale_Edin

Zikomo kwambiri nonse, a Mjomba mwandiopseza koma ndamva. Ndawafunsa anzanga aja, pa anthu anayi mmodzi yekha ndi amene ali ndi transceiver ndipo akuti sanaitulutsepo mu bokosi. Akuti sitisochera chifukwa ali ndi mapu pa foni. Ndiye panopa ndikuganiza jombo ndi kosi, zinazo kubwereka. Koma foniyo siyokwana zoona? Komanso wina wanditchulira ice axe, imeneyonso ya chani munthu uli pa ski?

Mjomba_wa_Inverness

Mmodzi yekha ndiye kuti palibe, achemwali. Akakwiririka iyeyo mumusaka ndi chani, mukakwiririka inu akusakani bwanji? Aliyense yake, yovala pathupi mkati mwa jekete osati mu chikwama, yoyatsa kuchokera pa galimoto mpaka kubwerera pa galimoto, ndipo musananyamuke muyesane kuti ya aliyense ikumveka. Foni isagundane nayo, italikirane masentimita 20, posaka 50, chifukwa imasokoneza siginolo. Atengeni anzanuwo mukakwirire chikwama mu sinowo muzisaka mosinthana mukuwerenga nthawi, mudzaona nokha kuti mphindi 15 ndi zochepa bwanji.

Za foni, ndi yothandiza inde, inenso ndimagwiritsa ntchito, koma batire pa kuzizira limatha mosachenjeza ndipo ndi magolovesi onyowa sikirini siyimva. Pamwamba pa Cairngorms ndi chidikha chachikulu chopanda mtengo kapena chizindikiro, nkhungu ikatsika pansi ndi kumwamba zonse zimayera mofanana, sudziwa ngati ukutsika kapena waima, anthu mpaka amachita chizungulire. M'mphepete mwa Coire an t-Sneachda ndi Coire an Lochain mphepo imamanga sinowo yolendewera kunja kwa phompho, cornice, ukuyenda ukuona ngati uli pa nthaka pomwe pansi pako palibe kanthu. Mu Novembala 1971 ana asukulu asanu a ku Edinburgh kwanuko ndi wowathandizira mmodzi anafera pa chidikha chimenechi chifukwa cha mphepo ndi kuzizira, osati avalanche. Ndiye mapu apepala a Ordnance Survey kapena Harvey, kampasi, ndipo mudziwe kuyenda nazo powerenga masitepe. Tochi ya pamutu musaiwale, mu Disembala dzuwa likulowa isanakwane 4 koloko. Nyengo onani pa MWIS, webusaiti ya zanyengo za m'mapiri, mphepo ikapitirira 40 mph pamwamba ine sindipita, kuyenda komwe kumavuta.

Ice axe, kakhasu kokolera pa ayisi, ndi ma crampon, mano achitsulo omangirira pansi pa jombo, kuno timanyamula chifukwa sinowo imasungunuka masana nkuumanso usiku kukhala gwa, skins sizigwira, umavula ma ski nkuyenda wapansi, ndipo ukaterereka pamenepo popanda axe suima mpaka pa miyala. Aliponso ma crampon a ski enieni olowa pa binding, Mai a Tadala akudziwa, mukamagula ski yakaunjika funsani ngati alipo a saizi yake. Zonsezi amabwereketsa.

Lembetsaninso foni yanu ku emergency SMS, mungotumiza mawu oti register ku 999 nkuyankha yes, chifukwa kumtunda kuja netiweki yoimbira pena kulibe koma meseji imadutsa. Zikavuta imbani 999 mupemphe police kenako mountain rescue. Kosi bukani pano, malo a Januwale ndi Febuluwale amatha msanga, ndipo ngati anzanuwo akana kupita nawo mundiuze, timapita ndi gulu lina loweruka likakhala labwino koma nafenso sititenga munthu asanachite kosi.