Poker ya ndalama zochepa: anzathu sataya makadi, nditani?

Wa ku Senga Bay:
Akuluakulu, pa tebulo la K100/K200 (ndalama zomwe awiri amayamba aika makadi asanagawidwe: small blind K100, big blind K200) kuno ku Salima anthu amalowa ndi makadi aliwonse. GTO (kasewero ka masamu komwe mnzako sangakapezerere) imati ndikabetcha pot yonse (ndalama zonse zomwe zili pakati) pa river (khadi lachisanu, lomaliza pa tebulo), kamodzi pa katatu ikhale bluff (kubetcha ndi makadi ofooka kuti mnzako ataye). Nditsatebe zimenezi?

Wa ku Kamuzu Road:
Ayi achimwene. Bluff ya pot yonse imafuna kuti mnzanu azitaya theka la nthawi kuti musaluze. Awa sataya chonchi, ndiye bluff zichepe kwambiri. Ndalama ili pa makadi abwino: top pair (khadi lanu likafanana ndi lalikulu pa onse a pa tebulo) ya kicker (khadi lanu linalo) yamphamvu muzibetcha flop (makadi atatu oyamba pa tebulo) ndi turn (khadi lachinayi), mwina ndi river, chifukwa amaitsata ndi second pair (khadi lofanana ndi lachiwiri kukula pa tebulo). Kubisa dzanja lamphamvu n'kungotaya ndalama.

Wa ku Linga:
Preflop (flop isanatuluke) kwezani ma big blind 4, kuwonjezera imodzi pa aliyense amene wangolowa osakweza. Akalowa awiri, ndi K1,200. Mukaika K600 onse abwera, ndipo AK (Ace ndi King) imavutika pakati pa anthu asanu.

Wa ku Chipoka:
Wosaka flush (makadi asanu a mtundu umodzi) ali ndi makadi 9 oti angamukwaniritsire, mwayi pafupifupi 20% pa river. Mukabetcha theka la pot pa turn iye amafunika mwayi wa 25% kuti asaluze, ndiye akatsata walipira mopyola. Koma munthu wofatsa akakukwezerani pa turn, pair imodzi itayeni, kawirikawiri sanama.