Malo ogona m'dera la piringupiringu: pafupi ndi siteshoni kapena mkati?

Abale ndi alongo amene mumayendayenda, ndithandizeni maganizo. Ndikupita kukagwira ntchito ya masiku ochepa mumzinda waukulu, kudera komwe mabala ndi malo odyera satseka mpaka pakati pa usiku, ndipo nkhani ya pogona yandiimitsa mutu.

Hotela yapafupi ndi siteshoni ya basi ndi sitima ndi yabwino pa mayendedwe, koma ndikuopa phokoso. Ine tulo tanga sitichedwa kubalalika. Nyimbo zikamagunda pansi pa windo ndiye kuti ndichezera. Chipinda cha pa Airbnb chili mkati, kwa phee, koma Google Maps ikuonetsa kamtunda ndithu koyenda pansi, ndipo zithunzi sizikusonyeza ngati kanjirako kamawala usiku. Kumsanaku ndidzakhala nditabereka laputopu.

Inu mumayamba mwaona chiyani musanalipire? Ndemanga za alendo mumazikhulupirira? Nanga kupempha chipinda choyang'ana kuseri kumachepetsadi phokosolo?

Komanso mabasi akasiya kuyenda usiku, ndidalire Uber kapena Bolt, ngakhale mitengo yake imakwera anthu akachuluka, kapena ndipangane ndi woyendetsa takisi mmodzi amene eni hotela amamudziwa?