Kuzungulira dziko chaka chathunthu ndi pasipoti ya Malawi, ndiyambire pati?

MtsikanaWaKuDedza:
Abale ndithandizeni maganizo. Kontilakiti yanga ikutha Disembala ndipo sindikufuna kuthamangira kusaka ntchito ina, ndakhala ndikusunga kandalama ndiye ndikufuna ndibereke chikwama ndiyende chaka chonse, Asia, Ulaya, mwinanso South America, ndizigwirako ntchito yongodzipereka kuti azindipatsa pogona ndi chakudya. Makanema a pa YouTube onse ndi a azungu amene amangodzuka nkunyamuka, ine pasipoti yanga ndi yathu yomweyi. Alipo anayesapo? Nanga tikiti ya round the world ija, tikiti imodzi ya ndege yozungulira dziko lonse, ndi yaphindu? Kunyumba akuti ndapenga, ndalamayo ndigulire puloti kkkk

Mjoni_wa_Leeds:
Achemwali siyani kaye mapu, yambani ndi maviza, chifukwa kwa ife njira amakusankhira ndi akazembe. Viza ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya, umafunsira kudziko komwe umakhala ndipo sungafunsire kudakali miyezi yoposa 6 kuti ulowe, ndiye mukaika Ulaya kumapeto mudzakhala muli ku Kathmandu, ku Nepal, nkumauzidwa kuti kafunsireni kwanu. Ikani Ulaya koyambirira kapena muchotseni. Amapereka masiku osapitirira 90 pa masiku 180 aliwonse, amafuna inshuwalansi ya ma euro 30,000, fomuyo ndi ma euro 90 ndipo akakukana ndalama sibwerera.

Tikiti ya round the world ya Star Alliance (mgwirizano wa makampani a ndege, Ethiopian ili momwemo) imafuna uzilowera mbali imodzi, uwoloke Atlantic ndi Pacific, umalize pasanathe miyezi 12. Pamapepala ndi yokoma koma njira zambiri zowoloka Pacific zimadutsa ku America, ndipo kumeneko ngakhale kungosintha ndege amafuna viza. Ine ndikanakhala inu bwenzi ndikugula matikiti pang'onopang'ono, kungoti pabwalo la ndege amakonda kutifunsa tikiti yotulukira m'dzikomo asanatikweze, muzikhala nayo.

AnambeweAkuZomba:
Ine ndiyankhe za kudziperekazo. Mawebusayiti opezerapo malo odzipereka monga Workaway, Worldpackers ndi WWOOF amagwira bwino, umalipira umembala pachaka kenako umalemberana ndi eni mafamu kapena ma hositelo, nthawi zambiri maola ngati 5 patsiku masiku 5 pasabata. Koma mwana wanga, maiko ambiri kugwira ntchito posinthana ndi bedi amakuwerenga ngati ntchito basi, olo usalandire kobiri. Ku UK mlendo amaloledwa kudzipereka masiku 30 okha, komanso kubungwe lachifundo lolembetsedwa, osati pafamu ya munthu. Ku Nepal viza umapezera pabwalo la ndege, madola 50 masiku 30, koma ndi ya alendo okaona malo, siyilola ntchito. Mzungu mwina amangomuyang'ana nkumusiya, iwe akufunsa mafunso mpaka thukuta.

Chinanso, kumalo osungira ana amasiye usapiteko. Ku Cambodia ndi ku Nepal zinapezeka kuti ana ambiri m'malo amenewa makolo awo alipo, amangowasonkhanitsa kuti alendo azilipira. Ifenso timawaona kuno achinyamata obwera masabata awiri, kunyamula ana athu, kujambula, nkumapita. Zimatinyansa eti? Ndiye usakachite zomwezo kwa eni ake. Pita ndi luso lomwe uli nalo, kaya ndi uphunzitsi kaya zamakompyuta, ukakhale malo amodzi mwezi kapena iwiri.

Che_Bakali77:
Aaa nonse mukukamba za maviza koma nkhani ndi forex apa. Ndalama zanuzo zili mu kwacha? Mwaiwala Novembala 2023 pomwe inagwa ndi 44% tsiku limodzi? Munthu uli ku Bangkok ndalama ya miyezi isanu nkusanduka ya itatu uli mtulo. Komanso makhadi athu kunja amakhala ndi malire, kafunseni kubanki kwanu musanagule chilichonse, ndipo musadalire khadi imodzi. Ine ndili mbali ya makolo, gulani puloti, zotsalazo kwerani basi mpaka Mbeya mukagwire sitima ya TAZARA ya ku Dar, Zanzibar muone, mubwere.

Nesi_Pa_Night:
Katemera wa yellow fever bayitsani msanga, kakhadi kachikasu kaja kamayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 ndipo kuyambira 2016 ndi ka moyo wonse. Mukadutsa ku Kenya, Uganda kapena Brazil maiko ena sakulowetsani opanda iko. Funsaninso wa chiwewe, typhoid ndi hepatitis A. Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuchokera tsiku lobwerera, ndi masamba okwanira, zidindo zimadya malo.

MtsikanaWaKuDedza:
Zikomo nonse. Che Bakali puloti idikire kaye kkk koma za kubankizo ndipita Lolemba. Ulaya ndamuchotsa, ndiyambira Tanzania ndi Kenya kenako Nepal chakuma Malichi mvula yawo ya Juni isanayambe. Amayi Nambewe, malo a pa Workaway amene amathandiza munthu kupeza chilolezo choyenera mumawazindikira bwanji, amalemba okha kapena ndizichita kufunsa mmodzimmodzi?