Abambo akukana opaleshoni ya ng'ala, ndiwauze zotani?

Mwana wachisamba analemba:

Anzanga, ndigawireniko nzeru. Abambo anga ali ndi zaka 71 ndipo akhala ndi matenda a shuga kwa nthawi yaitali. Diso lawo lamanja layera pakati penipeni, moti ukawayandikira umachita kuoneratu, ndipo lamanzere nalo layamba. Chikundipweteka kwambiri n'chakuti mdzukulu wawo akalowa m'nyumba, amadikira ayambe walankhula kuti adziwe kuti ndi ndani. Usiku galimoto ikawaunika amangoima chilili, kuwala kwawathobwa m'maso.

Dokotala wa maso ananena kuti ndi ng'ala ndipo pakufunika opaleshoni. Iwo akanitsitsa kwamtuwagalu. Akuti anamva kuti diso amalizula, kulitsuka, kenako n'kulibwezera. Akutinso mnzawo wina anachitidwa opaleshoni yomweyi koma mpaka pano saona. Ena akuwauza kuti adikire ng'alayo ikhwime kaye. Ine sindikufuna kuwakakamiza, ndi kholo langa, komanso sindingapirire kuwaona akufufuza khoma ndi manja. Zoona zake n'zotani? Nanga shugayu sawaika pachiswe?

Namwino wa kumaso anayankha:

Achemwali, kawauzeni abambo kuti diso silizulidwa ayi. Limakhala m'malo mwake kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kuseri kwa mwanadiso kuli lenzi, yomwe pa ubwana imakhala yoyera mbee ngati madzi. Munthu akamakalamba lenziyo imachita mbuu, ndipo kwa odwala shuga zimenezi zimafulumira. Ng'ala ndi imeneyo. Dokotala amacheka pang'ono m'mphepete mwa diso, kuchotsa lenzi yowonongekayo, n'kuikamo ina yapulasitiki yomwe imakhala momwemo moyo wonse. Pali njira ina yotchedwa phaco, yomwe amaphwanya ng'ala ndi makina n'kuiyamwa kudzera pa kabala ka mamilimita awiri kapena atatu, ndipo pali ina yoitulutsa yathunthu pa bala lokulirapo pang'ono. Zonse ziwiri zimathandiza zikakhala m'manja mwa wodziwa. Kawirikawiri ntchitoyi siposa mphindi 30, ndipo munthu amakhala ali maso, amangochititsa dzanzi diso lokhalo.

Ngati akudandaula zoyenda ndi pulasitiki m'diso, auzeni kuti si za dzulo izi. Amene anaika lenzi yoyamba m'diso la munthu ndi dokotala wa maso Harold Ridley, ku chipatala cha St Thomas' ku London, mu 1949. Iye anaona kuti oyendetsa ndege za nkhondo amene tizidutswa ta pulasitiki ta zenera la ndege tinawalowa m'maso, matupi awo sankatikana.

Zodikira kuti ikhwime zinali za kale. Masiku ano timafunsa ngati ng'alayo ikumulepheretsa munthu kuchita zimene amachita tsiku ndi tsiku, ndipo kwa abambo yankho mwalinena kale. Ikakhalitsa imauma, kuichotsa kumavuta, ndipo nthawi zina imafufuma n'kukweza mphamvu ya madzi a m'diso. Palibenso mankhwala odontheza amene amaisungunula, musataye nawo nthawi.

Koma nkhani ya mnzawoyo musaipeputse, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Tochi ikathothoka waya, ngakhale musinthe galasi lake siyaka. Opaleshoni ya ng'ala imangokonza kutsogolo kwa diso. Ngati retina, kachikopa kolandira kuwala kuseri kwa diso, inawonongeka ndi shuga, kapena ngati glaucoma, matenda amene nthawi zambiri amayenderana ndi kukwera kwa mphamvu ya madzi a m'diso, inapha mtsempha wa diso, munthu saona bwino ngakhale opaleshoni iyende bwinobwino. Mwina ndi zimene zinamuchitikira mnzawoyo. N'chifukwa chake ine ndimalimbikira kuti wodwala shuga asangolembedwa tsiku la opaleshoni basi. Amuyeze mphamvu ya madzi a m'diso, yomwe kwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21 pa muyezo wotchedwa mmHg. Amudontheze mankhwala okulitsa mwanadiso kuti aone kuseri, ndipo ngati ng'ala yatseka kwambiri aunike ndi sikani. Kenako mufunse dokotala maso ndi maso kuti, "Mmene mwaoneramu, adzaona kufika pati?" Abambo amve yankholo ndi makutu awo. Tsiku loyezalo muwaperekeze, chifukwa mankhwala okulitsa mwanadiso amachititsa kuti munthu aziona mwachimbuuzi kwa maola angapo.

Shuga payekha saletsa opaleshoni. Chofunika n'chakuti akhale wokhazikika, pamodzi ndi BP, chifukwa akakwera kwambiri bala limachedwa kupola ndipo tizilombo timalowa mosavuta.

Telala wopuma anayankha:

Mwana wanga, ine maso onse awiri anandichotsa ng'ala, limodzi kaye, linzake patapita nthawi. Abambo akowo ndikuwamvetsa, nanenso mtima unali m'mwamba. Ndikuuze zimene ndinaona ndekha. Anandigoneka chagada, kundiphimba nkhope ndi nsalu yokhala ndi kabowo pa diso lomwe ankagwirapo ntchito, n'kuika kachitsulo kogwira zikope kuti ndisaphethire. Mpeni sindinauone. Ndinkangoona kuwala kwambiri ndi mitundu ikusinthasintha, ndipo madzi ozizira ankatsikira kukhutu. Ululu panalibe, kungomva ngati wina akukanikiza pang'ono. Anandipempha chinthu chimodzi, kuti ndikafuna kutsokomola ndiyambe ndanena.

Atachotsa bandeji mmawa wake, ndinayang'ana malaya amene ndinkati ndi akhaki, ndinapeza kuti ndi oyera. Ng'ala imakubera mitundu pang'onopang'ono osadziwa. Kwa munthu amene moyo wake wonse anali kusankha ulusi wogwirizana ndi nsalu, misozi inalengeza.

Ntchito yaikulu ili kunyumba, ndipo idzakhala yako. Mankhwala odontheza amene amapereka opaleshoni ikatha amatenga pafupifupi mwezi, ndipo munthu wokalamba akamadontheza yekha ambiri amathera patsaya. Usambe m'manja, ukokere chikope cham'munsi pansi, dontho limodzi basi, kamwa la botolo lisakhudze diso. Ngati mabotolo ndi awiri, udikire mphindi zisanu usanadontheze linalo. Pogona azivala chotchinga diso chapulasitiki kuti asatikite diso kutulo. Madzi a sopo ndi fumbi zisalowemo, ndipo zolemera ayambe asiya kaye. Magalasi owerengera asathamangire kugula, adikire masabata anayi kapena asanu ndi limodzi diso likhazikike. Ine polowetsa ulusi mu singano ndimavalabe magalasi, koma nkhope za anthu ndimaziona patali.

Ngati angalole, apezereni munthu wamsinkhu wawo amene zinamuyendera bwino acheze naye. Ife akuluakulu mawu a mwana timawamva, koma a mnzathu timawakhulupirira msanga.

Mlongo wanu anayankha:

Ndiwonjezereko chimodzi. Popita kuchipatala mutenge mankhwala onse amene amamwa, m'mapaketi mwake. Amuna anga amamwa tamsulosin chifukwa cha vuto la prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo dokotala anatiuza kuti mankhwalawa amafewetsa mbali ya diso yozungulira mwanadiso, moti akadziwiratu amakonzekera mwapadera. Chimodzimodzinso aspirin ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana: muwatchule, koma asasiye kumwa paokha popanda dokotala kunena.

Mwana wachisamba analembanso:

Zikomo nonse, ndawawerengera ndipo avomera zokayezetsa kuseri kwa diso. Afunsa kuti, kodi ng'ala ikachotsedwa imameranso? Nanga tikabwerera kunyumba, n'chiyani chomwe chiyenera kutithamangitsira kuchipatala?

Namwino wa kumaso anayankha:

Simeranso, chifukwa lenzi yakale ija kulibenso. Chimene chimachitika kwa ena, pakapita miyezi kapena zaka, n'chakuti kathumba komwe lenzi yatsopano imakhalamo kamachita mbuu, munthu n'kuyamba kuona ngati ng'ala yabwerera. Zimenezo amakonza ndi makina owombera kuwala kwamphamvu otchedwa laser ya YAG, munthu atakhala pampando, kwa mphindi zochepa, osacheka paliponse.

Masiku oyambirira diso limatha kufiira pang'ono, kutuluka misozi, ndi kumveka ngati muli kamchenga. Zimenezo zisakuopseni. Koma ululu ukamakulirakulira, kuona kukayamba kuchepa pamene kunali kutayamba kubwerera, zikope zikatupa kapena manthongo akachuluka, pitani tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku. Tizilombo tikalowa m'kati mwa diso tingathe kuliwononga m'masiku ochepa, ndipo odwala shuga ndi amene timawadera nkhawa kwambiri. N'chimodzimodzinso akamaona kung'anima ngati mphezi, timadontho takuda tambiri tobwera mwadzidzidzi, kapena mdima ukutseka mbali imodzi, chifukwa mwina retina ikumatuka. Musanachoke kuchipatala mufunse kuti zoterezi zikachitika kumapeto kwa sabata mukafikire kwa ndani, ndipo nambalayo muilembe pa khadi lawo. Diso likapola, azikayezetsabe retina kamodzi pachaka chifukwa cha shuga uja, ngakhale akuona bwino.